Dzanja Pamutu pa Msewu wa ku Katete

Basi ya ku Katete ndi mudzi woyenda. Ukakweramo pa siteshoni ya Intercity ku Lusaka, isanafike n'komwe ku Chongwe wina amakhala atadziwa kale kuti ndiwe mwana wa yani, unakwatira kwa yani, ndipo ukukatani kumeneko. N'chifukwa chake m'mawa umene ndinanyamuka, kolala ya siponji yochirikiza khosi imene anandipatsa kuchipatala ndinaisiya patebulo kunyumba ku Kabwata. Sindinafune kuti mbiri ya matenda anga ikafike kwa apongozi ine ndisanafike.

Mkazi wanga Eneles anali atamwalira miyezi ingapo m'mbuyomo. Tinamuika kuno ku Lusaka. Maliro atatha, amayi ake, a Nabanda, anabereka mwana wathu Taonga, wa zaka zitatu, n'kunena kuti apita naye kumudzi kuti ine ndiyambe ndapuma. Sindinatsutse. Pamaliro mkamwini salankhula zambiri, komanso kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mawu omaliza amakhala a mwini mbumba, ndipo ameneyo anali a Banda, amalume ake a Eneles. Tsopano anali atandiitana kuti ndikapereke zovala za malemu, abale ake akagawane monga mwa mwambo, ndiponso kuti tikakambirane za mwana. Ine ndinkapita ndi cholinga chimodzi, kubwerako ndi Taonga. Ndinkakhulupirira kuti akangomva kuti bambo wake sangathe ngakhale kumunyamula, nkhani idzathera pomwepo.

Khosi linandiyamba Eneles ali m'chipatala. Ndinkagona pampando, mutu nditatsamiritsa kukhoma, ndipo masabata omaliza ndinkamunyamula pomutembenuza ndi popita naye kosamba. Nthawi imeneyo sindinkamva kanthu. Ululu unadikira mpaka anthu a pamaliro atabalalika. Unkayambira kumbuyo kwa khosi, kutsikira kuseri kwa phewa lamanzere, n'kuyenda mkono wonse ngati waya wotentha, mpaka chala chachikulu ndi chamkombaphala zinkachita dzanzi. Madokotala anati mtsempha wina wotuluka pakati pa mafupa a khosi wapanikizika. Ananditumiza kwa mayi wa fizio, amene amathandiza odwala otere powatikita ndi kuwaphunzitsa kuwongola thupi.

Nditamuuza za ulendo, anasiya zimene ankachita.

"Ba Tembo, pa basi? Na khosi iyi? Awe. Lindilani mwezi umozi."

"Sinifika ku Chipata, ni Katete chabe."

"Chabe!" anatero, akuseka mosakondwa. "Chabwino, ngati mwakana kumvela, mvelaniko ivi."

Anati ndivale kolala pa ulendo wokhawo, ndipinde thaulo ndiike kumbuyo kwa khosi, basi ikaima ndizitsika, ndizikokera chibwano m'kati ngati kamba, ndipo ndisanyamule cholemera china chilichonse. Anandikumbutsanso chimene anandiphunzitsa tsiku loyamba: ululu ukatsikira kumkono, ndikweze dzanja lamanzere ndi kulikhazika pamwamba pa mutu. Mkono ukakhala choncho mtsempha umamasuka. Njira imeneyo inkandithandiza kuposa mapiritsi. Ku ofesi, kumene ndimajambula mapulani a nyumba pakompyuta, anzanga anali atazolowera kundiona ndikugwira ntchito ndi dzanja limodzi, lina lili pamutu.

Zovala sindinalongedze ndine. Anabwera amayi awiri a kutchalitchi kwathu, anatsegula kabati ya Eneles, anapinda chilichonse, natseka sutikesi n'kuimanga ndi chitenje, kuti ikamasulidwe ndi eni ake kumudzi. Ine ndinakhala panja mpaka atamaliza. Nditalowa ndinayesa kuikweza ndi dzanja limodzi. Sindinkadziwa kuti zovala za munthu wochepa thupi choncho zingalemere motero.

Tinayenera kuyenda awiri, ine ndi mlamu wanga Yotamu, mlongo wake wa Eneles, amene amagwira ntchito m'sitolo ya zomangira nyumba ku Kamwala. Mwa abale onse, iye yekha ndiye ankadziwa za khosi langa, ndipo ndinali nditamupempha kuti asauze munthu kumudzi. Sutikesi akananyamula ndi iyeyo. Koma ndili m'takisi yopita ku Intercity, kunja kukungoyera, foni inalira.

"Alamu, nakangiwa kubwela. Thilaki ya malata yafika, bwana wakamba ati amene sazabwela lelo asabwele futi. Yendani chabe. Nizatumila amalume foni, niwauze."

Takisi isanaime n'komwe, angwangwazi, amuna oitanira anthu ku mabasi, anali atatsegula kale kumbuyo. Awiri anagwira sutikesi, wina uku wina uku, ine ndili pakati ndikuyesa kuigwira ndi dzanja lamanja.

"Chipata, ba bosi? Iyi yanyamuka manje manje!"

"Iwe siya, ni kasitomala wanga! Bwelani kuno ba mudala, iyo ilibe mabuleki."

"Nili na tiketi kale," ndinatero. Palibe anamva. Mmodzi anakoka mwamphamvu, chogwirira chinandipulumuka m'manja, ndipo khosi linagwedezeka kamodzi kokha. Ndinaona timoto m'maso. Ndinaima chilili pakati pa anthu, ngati munthu amene waiwala kumene akupita, mpaka ululu unatsika.

Tiketi ndinali nditagula dzulo lake, pamtengo umene unali utakweranso, ndipo ndinasankha mpando wakutsogolo, kumene basi sidumpha kwambiri. Koma basi yathu inali itafa. Anatibweretsera ina, yakale, ndipo kondakitala analengeza kuti manambala a mipando atha ntchito, aliyense akhale pamene wapeza. Anthu anathamangira pakhomo. Ine sindikanatha kukankhana ndi munthu. Ndinayamba ndaonetsetsa kuti sutikesi ya Eneles aiika bwino pansi, kutali ndi zigubu za mafuta ophikira ndi matumba a feteleza, ndinalipira ndalama ya katundu imene anangoitchula m'mutu mwawo, ndipo pamene ndinkalowa panali patatsala mpando umodzi, kumbuyo, pawindo, pamwamba penipeni pa matayala.

"Manje manje" uja anadya m'mawa wonse. Injini inkalira, dalaivala palibe. Nthawi zina basi inkayenda pang'ono kupita kutsogolo, anthu n'kukhala bwino m'mipando, kenaka inkabwerera pamalo omwewo. Analowa mlaliki wa suti yonyezimira, natiwerengera salimo, natikumbutsa kuti ambiri ananyamuka ngati ife koma sanafike, kenaka anayendetsa chipewa. Mlalikiyo atatsika, analowa wogulitsa mafuta opaka a m'kabotolo, ochiritsa msana, mano, bipi ndi kusamvana m'banja. Ndinangozindikira ndikumvetsera mwachidwi mbali ya msana. Sindinagule. Ndinachita manyazi ndi sukulu yanga.

Pafupi nane panakhala mayi wamkulu thupi, wobwerera kokaoda zitenje ku Kamwala. Chimtolo chimodzi anakana kuchiika pansi, ndiye chinakhala pamiyendo pake ndi theka la miyendo yanga. Anati ndi a Nangozo, a ku Katete pa Sitolo. Anandifunsa kwathu, ndinayankha. Anandifunsa kumene ndikupita, ndinatchula mudzi. Anandiyang'ana bwinobwino.

"Kwa a Nabanda? Amene anataya mwana kuno ku Lusaka?"

"Eya. Ndine mwamuna wake."

"Kalanga ine! Ndinu atate a Taonga? Pepani, bambo, pepani ndithu. A Nabanda timakumana ku chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Kamwana kanu ndinakaona, kayamba kunenepa. Agogo ake sakatsitsa kumsana."

Ndinathokoza. Thaulo limene ndinali nditayamba kutulutsa m'chikwama ndinalibwezera.

Tinatuluka m'tauni dzuwa litakwera, tikukwawa m'mzere wa magalimoto. Pa Chelstone, pafupi ndi thanki ya madzi ija, basi inaimanso kudikira munthu amene anagula tiketi koma sankaoneka. Kondakitala ankamuimbira foni, n'kumatiuza kuti, "Ali pa kona, abwela." Kuchokera pawindo langa ndinkaona msewu wolowera kumene ine ndi Eneles tinachita lendi chipinda chathu choyamba, kuseri kwa nyumba ya eni ake. Pamene tinkagula makala tsopano pali malo otsukira magalimoto. Ndinayang'ana kumbuyo kwa mpando wakutsogolo kwanga mpaka munthuyo anafika, ndi matiresi.

Pa Chongwe apolisi anayang'ana mapepala a dalaivala n'kutilola kupita. Ululu unali ukadali kuseri kwa phewa, kumene ndinkatha kuupirira. Ndinkakokera chibwano m'kati pang'onopang'ono, ngati munthu wosinkhasinkha, a Nangozo osazindikira. Iwo anali akundifotokozera za zitenje zosuluka zimene zadzaza ku Kamwala, za mwana wawo wokana sukulu, za m'busa watsopano amene sadziwa kutsiriza ulaliki. Titapitirira Rufunsa msewu unayamba kupindika, matayala apansi panga akugunda dzenje lililonse. Waya uja unayaka. Unatsika paphewa, pachigongono, mpaka kuzala. Pofika pa Manenekera, pamene msewu umayenda m'mphepete mwa phompho ndipo anthu m'basi amangokhala chete okha, dzanja langa linakwera lokha n'kukakhala pamutu. Sindinaganize n'komwe. Ndinangomva mpumulo, ngati wina wandimasula chingwe.

"Atate a Taonga," a Nangozo ananong'ona. "Tsitsani dzanjalo."

Sindinamve msanga chimene akunena.

"Tsitsani, bambo. Ndikudziwa mtima ukuwawa, koma maliro anatha. Pamsewu sitichita chotere. Mukutiitanira chiyani?"

Ndinakulira ku Lusaka, koma mwambo umenewo ndimaudziwa. Tili ana, ukaika manja pamutu amayi ankakumenya pamkono: ukufuna ndife? Manja pamutu ndi a munthu amene waona imfa, kapena wabwera kudzainena. Miyezi ya ku ofesi inali itandiiwalitsa.

Bambo wina wa mpando wa mbali inayo, wovala jekete lachikopa, sananong'one.

"Mudala, ni chani? Mufuna tigwele mu chimugodi? Ngati mwalema na umoyo, selukani mweka, ise tili na bana!"

Ena anaseka, ena sanaseke. Mayi wina kutsogolo anayamba nyimbo ya kutchalitchi motsitsa mawu. Ndikanangonena kuti ndikudwala mtsempha wa m'khosi, zonse zikanathera pomwepo. Koma pambali panga panali chigwirizano chonse cha ku Katete. Ndinatsitsa dzanja, ndinalipanikiza pakati pa mawondo, n'kunena kuti pepani.

"Musadandaule," a Nangozo anatero, akundisisita paphewa lomwelo. "Mukadali wamng'ono. Mulungu adzakupatsani wina."

Pa Luangwa basi inaima pamsika wa nsomba zouma ndi madengu. Kunkatentha ngati m'ng'anjo. Ndinatsika womaliza, ndinazungulira kuseri kwa zimbudzi, kumene kunalibe munthu, ndipo ndinaima pamenepo m'fungo limenelo, dzanja pamutu, maso otseka. Pa ulendo wonsewo sindikumbukira malo ena amene ndinapumapo bwino chotero. Kenaka ndinagula mazira owiritsa kuti ndimwere mapiritsi, popeza samwedwa m'mimba mulibe kanthu.

Pobwerera ndinapeza a Nangozo atagula dengu lalikulu, atalidzaza nsomba, ataima nalo pakanjira ka m'basi.

"Eya, mwana wanga wafika. Tandikwezerani pamwambapa, inu ndinu aatali."

Ndinafuna kondakitala ndi maso. Panalibe. Mwamuna wa msinkhu wanga amakana bwanji kukweza dengu la mayi wofanana ndi amayi ake? Ndinalikweza. Lisanafike n'komwe pashelefu, china chake chinathetheka m'khosi, ndipo mkono wamanzere unangofooka ngati si wanga. Dengulo ndinalikankha ndi dzanja limodzi ndi chipumi. Nsomba zina zinagwera wa jekete lachikopa uja.

"Futi ni imwe!" anatero.

Tinawoloka mlatho n'kuyamba kukwera mapiri a tsidya. Titangopitirira Kacholola, m'basi munayamba kununkha mphira wopsa, ndipo dalaivala anaima pambali. Lamba wa injini anali ataduka. Kondakitala anakwera galimoto yodutsa kukafuna watsopano ku Nyimba.

Anthu anatukwana, ena anaimba mafoni, wa jekete ankauza aliyense kuti iye ananena, ndipo ponena ankaloza kumene ndinaima. Ine ndekha ndinathokoza mumtima. Ndinatenga chikwama, ndinalowa patchire pang'ono ngati wokadzithandiza, ndinapeza mthunzi wa msuku, n'kugona chagada padothi louma, thaulo lopinda kunsi kwa khosi, mawondo m'mwamba. Nyerere zinandiyenda, sindinazipirikitse. Ululu unabwerera pang'onopang'ono kuchoka kuzala mpaka paphewa, koma mphamvu ya mkono sinabwerere. Ndinayesa kutola mwala ndi dzanja lamanzere. Unagwa.

Ndili chigonere ndinaimbira a Banda kuti ndiwauze kuti tichedwa. Foni yawo inali yozima. Kumudziko amakatchajitsa kusitolo, ndipo imatha kukhalako tsiku lonse. Ndinaimbira Yotamu.

"Naine siniwapeza, alamu. Nizayesa futi nikakomboka ku nchito. Khosi ili bwanji?"

"Ili bwino."

Sizinandifike m'mutu kuti ndiye kuti kumudzi akudikirabe anthu awiri. Maganizo anga onse anali pamwala uja, ndi pa kulemera kwa mwana wa zaka zitatu.

"Atate a Taonga! Muli kuti?"

Anali a Nangozo, akubwera akuthyola mauzu. Ndinadzuka mofulumira kuposa mmene mayi wa fizio amalolera, ndinakankhira thaulo m'chikwama, n'kuima. Anandiyang'ana nkhope, anayang'ana masamba ouma amene anali kumsana kwanga, naganiza zawo.

"Lirani, bambo, si manyazi. Koma osalirira kutchire, kuli njoka kuno. Tiyeni, ndamasula mbatata."

Tinakhala pamwala m'mphepete mwa msewu, tikudya mbatata yozizira, mathiraki akudutsa n'kutithira fumbi. Anandiuza kuti amuna awo anamwalira kalekale, ndipo abale anatenga chilichonse mpaka mbale. Anati ine ndili ndi mwayi, a Nabanda ndi anthu abwino, safuna za munthu, amangodana ndi bodza. Ndinavomera ndi pakamwa, poti ndi mutu sindikanatha.

Lamba anafika dzuwa litapendeka. Pa Nyimba a Nangozo anagula nthochi pawindo modutsa pa ine, n'kundipatsa ziwiri kuti ndikapatse Taonga. Petauke ndi Sinda ndinadutsa maso otseka, mano olumana. Pa Katete tinatsazikana. Anati Lamulungu adzauza a Nabanda kuti ali ndi mkamwini waulemu.

Kuchoka pa Katete kupita kumudzi kulibe minibasi madzulo. Ndinakwera njinga yamoto, sutikesi atamanga kumbuyo ndi mphira, ine nditapanikizika pakati. Za msewu umenewo sindinena zambiri. Pakamtsinje ka kufupi ndi mudzi woyendetsa anaima. Anati mchenga ndi wambiri, njinga sidutsa ndi katundu, ndipo potsala ndi pafupi. Anatsitsa sutikesi, anatembenuka n'kupita.

Ndinatsala ndekha pakanjira ka pakati pa minda yokololedwa. Kunalibe munthu. Ndinagwira sutikesi ndi dzanja lamanja, lamanzere ndinalikweza movutikira n'kulikhazika pamutu, ndipo ndinayamba kuyenda, ndikudziuza kuti ndilitsitsa ndikaona denga loyamba. Ndinaiwala kuti mjigo anaukumba panjira, munthu asanalowe m'mudzi, kuseri kwa nsungwi.

Ndinangotulukira pa amayi ambiri ndi ndowa zawo. Pakati pawo panali apongozi. Tsiku lonse anali akuyang'ana kunjira, kudikira mkamwini ndi mwana wawo wamwamuna, basi itachedwa popanda uthenga. Tsopano anaona mkamwini yekha, wotuwa ndi fumbi, nkhope yokwinyika, dzanja pamutu.

"Yotamu!" anakuwa. "Yotamu mwana wanga ine! Watsatira mlongo wake!"

Ndowa inagwa. Amayi enawo analandira kulirako nthawi yomweyo, monga amachitira, ndipo kunafika m'mudzi ine ndisanatsegule pakamwa. Ndinatsitsa dzanja, ndinafuula kuti ayi, ali moyo, ali kuntchito, koma m'phokoso lotero mawu a mwamuna mmodzi samveka. Apongozi anali akudzigubuduza m'matope a pamjigo. Anthu ankathamanga kuchokera m'nyumba. Pakati pawo ndinaona mng'ono wake wa Eneles atabereka Taonga. Mwanayo anandiyang'ana, anayang'ana agogo ake pansi, n'kubisa nkhope.

Amene anathetsa chisokonezocho ndi a Banda. Anandikokera pambali, ndinawafotokozera kuti Yotamu watsala kuntchito, anatenga foni yanga, anakwera nayo pachulu pamene pamagwira netiweki, napeza Yotamu. Amayi awiri anawakweza apongozi pachulupo, foni anawaikira kukhutu. Ndinamva kamawu ka Yotamu kakuti, "Amama, ni ine, nili ku shopu." A Nabanda anakhala pansi pomwepo. Sanalirenso, ndipo madzulo amenewo sanandiyang'ane. Nthochi ndinazipeza zitaphwanyika m'chikwama.

M'mawa mwake zovala zinagawidwa. Sindilemba za zimenezo, kupatula kuti diresi lobiriwira limene Eneles ankavala popita kutchalitchi linamukwana bwino mng'ono wake. Zitatha, a Banda anaitanitsa mipando pansi pa mtengo wa mango. Iwo ndi telala, munthu wanthabwala, ndipo anayamba mofatsa.

"Akamwini, dzulo munatiliritsa maliro a munthu wamoyo. Nkhuku imene tinakupherani inatsala pang'ono kudyedwa ndi olira. Tatiuzani, chinachitika n'chiyani?"

Ndinafotokoza zonse, za chipatala, za mtsempha, za mayi wa fizio, ndi chifukwa chimene dzanja limakwerera pamutu. Anamvetsera. Anafunsa kuti zinayamba liti, ndinawauza. Anafunsa ngati Yotamu ankadziwa, ndinati ndinamuletsa kunena.

"Chifukwa?"

"Ndinkaopa kuti mundikaniza mwana."

A Banda anayang'ana mlongo wawo, kenaka anapukusa mutu.

"Kachikwama ka Taonga kali m'nyumbamo, komanga kale. Tinagwirizana sabata yatha kuti apite nanu. Mukanati mukudwala, tikanakupatsani mng'ono wake wa malemuyu akakuthandizeni mpaka muchire. Kudwala si mlandu, akamwini. Matendawo munawatenga posamala mwana wathu."

Ndinayamba kuona ngati nkhani ikhoza kukonzeka. Koma apongozi, amene anali atakhala pamphasa chapambali, analankhula koyamba. Sanayang'ane ine. Ankayang'ana a Banda.

"Achimwene, munthu amene wabisa matenda ake miyezi yonseyi, mawa mwana akadwala adzatiuza? Za Eneles tinamva mochedwa. Za uyu sindifuna kudzamva mochedwa."

Eneles mwini wake ndiye ankakana kuti amayi ake auzidwe msanga, koma amenewo si mawu onena pamaso pa mayi woferedwa.

Pamenepo Taonga, amene kuyambira dzulo lake ankandizemba, anachoka pamphasa. Anabwera pang'onopang'ono, anaima pakati pa mawondo anga, n'kukweza manja onse awiri. Aliyense anaona. Ndinaika manja m'khwapa mwake. Lamanja linagwira. Lamanzere linangokhudza nsalu. Mwina ndikanatha kumukoka ndi dzanja limodzi, koma sindinafune kuyesera pa mwana wanga chimene sindinali wotsimikiza. Ndinatsika pampando, ndinagwada, n'kumukumbatira ali chiimire pansi.

"Atate, ndinyamuleni," anatero. Ku Kabwata ankanditcha dadi.

A Banda anatsokomola. Anati mwana akhale kaye. Ndikachira ndibwere pamodzi ndi Yotamu, tidzakambiranenso. Mawu omalizawo ndinawamvetsera bwino. Sanati ndidzamutenge. Anati tidzakambiranenso.

Ndinanyamuka tsiku lotsatira. Apongozi anandiperekeza mpaka pakamtsinje, Taonga ali kumsana, ndipo anandipatsa mtedza m'kathumba kakang'ono, kopepuka. Anati ndizimwa mankhwala, ndizimvera a kuchipatala. Njinga yamoto inali ikudikira tsidya. Ndinakwera, woyendetsa analiza injini, tinanyamuka. Pamenepo ndi pamene Taonga anazindikira kuti sakupita nawo. Ndinamva akuitana, choyamba mofunsa, kenaka mokuwa. Ndinayesa kucheuka. Khosi linakana. Kuti ndimuone ndikanayenera kuimitsa njinga, kutsika, n'kutembenuka thupi lonse, ndipo ndinadziwa kuti ndikatero sindikweranso. Ndinangoyang'ana msana wa woyendetsa.

Mwana wanga anaona bambo ake akupita osacheuka. Ali ndi zaka zitatu. Palibe amene angamufotokozere za mtsempha.